Ziphuphu, mawanga akuda ndi kachubu ka pamsika: yankho kwa mchemwali wa ku Chamama

Mtsikana wina wa zaka 23 wa ku Chamama m'boma la Kasungu walemba motere: "Ziphuphu zinandiyamba ndili fomu 2 ndipo mpaka lero sizinathe. Chilichonse chikapola chimasiya chipsera chakuda. Mnzanga anandigulira mafuta a m'kachubu pamsika, ndipo mwezi woyamba nkhope inasalala n'kuwala bwino. Tsopano patha miyezi 7, ziphuphu zabweranso zambiri kuposa kale, ndipo ndikangosiya kudzola masiku awiri nkhope imawotcha. Azakhali akuti ndisiye mtedza, ena akuti zidzatha ndikalowa m'banja. Chinkhoswe changa chili mu Ogasiti, kwatsala miyezi 5. Ndichite chiyani kuti zipserazi zichoke?"

Achemwali, zikomo chifukwa cholemba mosabisa kanthu. Mwafunsa za zipsera ndipo tifikako, koma ndiloleni ndiyambire pa kachubu kaja, pakuti pa zonse mwalembazi ndi komweko kamene kandidetsa nkhawa. Ndakhala ndikuthandiza anthu a mavuto a khungu kwa zaka zambiri, ndipo mawu akuti "poyamba inasalala, tsopano ndikasiya imawotcha" ndawamva kambirimbiri. Kawirikawiri amatuluka pakamwa pa munthu amene akudzola mafuta okhala ndi mankhwala a mtundu wa steroid.

Tengani kachubuko muwerenge timalemba tating'onoting'ono tam'mbali kapena pakatoni kake. Mukapezapo mawu akuti clobetasol kapena betamethasone, ndiye zomwezo. Amenewa ndi mankhwala enieni, amphamvu, omwe kuchipatala timalembera munthu wa matenda ena oyabwa kwa masiku owerengeka, ndipo clobetasol sitimayerekeza kumuika kumaso. Mukapanda kuwapeza mawuwo musafulumire kukhazika mtima pansi, chifukwa mafuta ambiri oyeretsa salemba zonse zomwe zili m'kati, ndipo ena amachita kusakaniza m'timabotolo topanda dzina.

Steroid amazimitsa kutupa, amafinya timitsempha ta magazi, komanso amachepetsa mtundu wa khungu. N'chifukwa chake mwezi woyamba aliyense amakuyamikirani. Koma akakhalitsa khungu limayamba kupyapyala, timitsempha timaonekera pamasaya, ubweya umamera pomwe panalibe, zipere zimafalikira mosavuta, ndipo pamatuluka ziphuphu zina, zing'onozing'ono, zofanana zonse ngati wina wamwaza mapira. Khungu limafika pozolowera, moti mukalimana masiku awiri limakwiya: limawotcha, limayabwa, limafundula. Munthu amathamangira kachubu komweko, ululu umaleka, ndipo amakhulupirira kuti mafutawo ndi amene akumuchiza pomwe ndi amene akumudwalitsa.

Mayi wina anabwera kwa ine atakoka duku mpaka kufika pansidze. Atakhala pansi anatulutsa timachubu titatu m'chikwama, tonse tofinyidwa mpaka kumapeto, n'kutiyala patebulo. Masaya ake anali owala ngati pepala lonyowa, koma mfundo za zala zinali zakuda bii, ndipo m'munsi mwa maso munali mawanga ngati mwaye. Anandiuza kuti anayamba chifukwa cha timawanga titatu tokha ta ziphuphu. Timawanga titatuto tikanatha tokha pasanathe chaka. Mwaye uja sunachoke wonse mpaka tsiku lomaliza lomwe ndinamuona.

Mwayewo umachokera ku mankhwala ena otchedwa hydroquinone, omwe amapezekanso kwambiri m'mafuta oyeretsa. Dokotala akhoza kuwalemba kwa miyezi yochepa, akuyang'anira, koma akadzoledwa zaka amadetsa khungu m'malo moyeretsa, ndipo kudako n'kovuta kwambiri kukuchotsa. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975 ataona amayi ambiri ataonongeka nkhope, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola. Rwanda nayo mu 2018 inayamba kulanda mafuta oyeretsa m'misika. Mu sopo ndi mafuta ena mumakhala poizoni wotchedwa mercury, amene amaononga impso. Kuno kwathu bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA ndi limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala, choncho mankhwala aliwonse omwe nditchule m'munsimu mukagule kusitolo ya mankhwala yovomerezeka, osati pamphasa pomwe ayala pamodzi ndi zipeso ndi ndolo.

Ndiye kachubuko mukasiya bwanji? Popeza mwadzola miyezi 7, musangokataya lero madzulo. Pitani nako kuchipatala, akakuoneni. Kawirikawiri timachepetsa pang'onopang'ono, tsiku lina kudzola lina ayi, kapena timasintha n'kupereka steroid wofooka monga hydrocortisone wa 1% kwa kanthawi kochepa, kenako n'kusiyiratu. Ndikuuzeni zoona: masabata oyambirira nkhope idzaipa kuposa mmene ilili lero. Idzawotcha, ziphuphu zidzachuluka, ndipo mtundu wanu weniweni udzayamba kubwerera, mwina mosiyanasiyana. Ambiri amagonja m'sabata yachiwiri n'kubwerera kumsika. Inu musatero. Nyowetsani kansalu koyera m'madzi ozizira a mumtsuko muziika kumaso, dzolani mafuta opepuka opanda fungo, ndipo dziwani kuti kuwotchako si chizindikiro chakuti mwalakwitsa. Khungu likuphunziranso kukhala lokha.

Tsopano tibwere pa ziphuphu zanu zenizeni, zija zinayamba muli fomu 2.

Khungu la kumaso, pachifuwa ndi kumsana lili ndi timabowo tambirimbiri momwe mumamera ubweya, ndipo pansi pa kabowo kalikonse pali kathumba kotulutsa mafuta. Munthu akatha msinkhu, mahomoni otchedwa androgen, omwe ali mwa amuna ndi akazi omwe, amachititsa timatumbato kutulutsa mafuta ambiri. Mafutawo akasakanikirana ndi timamba ta khungu lakufa amatseka kabowo. Kakatsekeka pakamwa pamaoneka kachiphuphu koyera. Kakakhala kotsegula pamwamba pake pamada, ndipo kudako si fumbi kapena uve ayi, ndi mpweya umene wadetsa zili m'katimo, monga mmene mbatata yosenda imadera ikakhalitsa pambale. M'kabowo kotsekekamo mabakiteriya otchedwa Cutibacterium acnes, omwe aliyense ali nawo pakhungu, amaswana, thupi limatumiza asilikali ake, ndipo pamatupa n'kuchita mafinya. Achinyamata pafupifupi 8 mwa 10 alionse amadutsamo, ndipo mwa akazi si zachilendo kuti zipitirire mpaka zaka za m'ma 30, makamaka m'chibwano ndi munsagwada msambo ukayandikira.

Gwiritsitsani mfundo iyi, chifukwa chithandizo chonse chagona pamenepa: chiphuphu chomwe mwachiona pagalasi m'mawa uno chinayamba kupangika pansi pa khungu masabata angapo apitawo. Ndiye kudontheza mankhwala pa chiphuphu chimodzi chomwe chatuluka kale n'chimodzimodzi kuzula udzu womwe waonekera n'kusiya mbewu zake m'nthaka. Mankhwala a ziphuphu amapakidwa pamalo onse omwe zimakonda kutuluka, kuti zomwe zikubwera zisafike, ndipo zotsatira zake zimayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8. Sitiweruza kuti mankhwala alephera masabata 12 asanakwane. Inu a ku Kasungu mukudziwa kuti palibe amene amafesa nazale ya fodya lero n'kukaima ku okushoni ku Chinkhoma sabata yamawa.

Za azakhali ndi mtedza. Nkhaniyi ndimaimva pafupifupi tsiku lililonse, ku Kasungu ndi ku Mchinji komwe mtedza uli pakhomo lililonse. Palibe umboni wakuti mtedza umayambitsa ziphuphu. Mafuta omwe mwadya sachoka m'mimba n'kukatulukira pamphuno. Mafuta a pakhungu amapangidwa pakhungu pomwepo molamulidwa ndi mahomoni. Chiponde idyani, ndiwo zotendera idyani, zimamanga thupi. Zomwe kafukufuku walozako chala ndi zakudya zokweza shuga m'magazi msanga, monga zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, tiyi wa masipuni anayi a shuga, masikono ndi mandasi a tsiku ndi tsiku, komanso mkaka wambiri kwa anthu ena. Kuchepetsa zimenezi kumathandizako, koma kadyedwe kokha sikathetsa ziphuphu za zaka zonsezi.

Zoti ziphuphu zimatha ndi banja ndi bodza, ndipo limandipweteka mtima chifukwa ndaona atsikana a sukulu atanamizidwa nalo ndi amuna akuluakulu mpaka kutenga mimba kapena matenda. Kugonana sikuchiza chiphuphu ngakhale chimodzi. Ambiri zimawathera pa msinkhu womwe anthu amakwatira, ndiye anthu amangolumikiza ziwirizi. Ngati muli ndi ang'ono anu kumudzi, auzeni zimenezi momveka.

Kasambidwe n'kosavuta. Kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi sopo wofatsa, ndi manja anu okha. Chinkhupule chisafike kumaso, ndipo sopo wochapira zovala akhale wa zovala. Mandimu, soda, adyo, phulusa ndi mankhwala otsukira mano zonsezi zimawotcha khungu, ndipo pakhungu lathu lakuda paliponse papsa pamasanduka banga. Mandimu akakumana ndi dzuwa ndiye amachita kuwambiratu. Yang'ananinso mafuta a tsitsi: ngati tiziphuphu tambiri tili pamphumi motsatira malire a tsitsi, nthawi zambiri ndi mafuta olemera aja akutsika ndi thukuta kapena akusamutsidwa ndi duku ndi pilo. Chapani zimenezi pafupipafupi, ndipo mafuta a tsitsi azilekezera patali ndi mphumi.

Ndipo zala. Kufinya chiphuphu kumatulutsa theka, theka lina kumalikankhira m'kati momwe limaphulikira n'kukulitsa kutupa. Chiphuphu chomwe chikanapola m'masiku asanu chimasanduka banga la miyezi 8, mwinanso dzenje la moyo wonse. Ndikudziwa kuti dzanja limangopita lokha munthu ali pagalasi. Wengani zikhadabo, ndipo galasi muzilionera pataliko.

Mankhwala enieni omwe amagwira ntchito si ambiri, ndipo ndi omwewo padziko lonse. Woyamba ndi benzoyl peroxide, amene amapha mabakiteriya aja n'kutsegulako timabowo. Yambani ndi wa 2.5% kapena 5%. Wa 10% sachiza kuposa anzakewo, amangowonjezera kuuma ndi kuwotcha. Dziwiranitu kuti amasukulutsa nsalu, choncho musambe m'manja mukapaka, ndipo chitenje chanu chabwino kapena pilo wamaluwa asamukhudze. Wachiwiri, amene ine ndimamuona ngati mzati wa nyumba, ndi adapalene wa 0.1%, kapena m'bale wake tretinoin. Uyu ndi amene amaletsa timabowo kutsekeka, komanso amafulumizitsa khungu kudzikonzanso moti mawanga amazirala msanga. Amapakidwa usiku okha, pankhope youma bwino. Finyani pachala kochuluka ngati njere imodzi ya nandolo, ndipo kameneko n'kokwanira nkhope yonse. Donthezani pamphumi, masaya onse ndi chibwano, n'kusisita mopepuka, kupewa m'mbali mwa maso, m'makona a mphuno ndi a pakamwa. Masabata awiri oyamba pakani usiku uwiri kapena utatu pa sabata, kenako usiku wina kupaka wina ayi, mpaka khungu litalola usiku uliwonse. Kukauma, dzolani mafuta opepuka pamwamba pake. Kuwonjezera muyeso sikufulumizitsa kanthu. Kumangopsereza khungu n'kubala mawanga atsopano, omwe ndi amene tikuthawa.

Wachitatu ndi azelaic acid wa 15% kapena 20%. Ndimamukonda kwambiri pakhungu lakuda chifukwa amagwira ziwiri nthawi imodzi: amachepetsa ziphuphu, komanso amaziralitsa mawanga popanda kuyeretsa khungu lozungulira. Amanyerenyetsa pang'ono masiku oyamba. Sapezeka paliponse, koma m'masitolo akuluakulu a mankhwala ku Lilongwe mukhoza kufunsa.

Kwa inu pali kadongosolo kake. Khungu lomwe langochoka kumene pa steroid ndi losachedwa kupsa, ndiye mankhwala opakawa musawayambe tsiku lomwelo. Dikirani kuwotcha kuchepe, kenako yambani ndi amodzi okha. Pa nthawi yodikirayi, komanso ngati ziphuphu ndi zambiri zotupa, dokotala akhoza kukulemberani doxycycline wa 100 mg, kamodzi patsiku, kwa miyezi itatu. Imwani ndi madzi odzaza kapu, mutadya, ndipo musagone pasanathe theka la ola chifukwa akakakamira pakhosi amatentha kum'mero. Amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Musamwere limodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi kapena a chilungulira. Chomwe ndikukupemphani n'chakuti musagule makapisozi asanu pagolosale n'kumwa masiku atatu. Kutero sikuchiza ziphuphu, kumangophunzitsa tizilombo kupirira mankhwala omwe tsiku lina mudzawafuna pa matenda oopsa. Doxycycline amayendera limodzi ndi benzoyl peroxide kapena adapalene, ndipo miyezi itatu ikatha mapiritsi amasiyidwa, opakawo n'kupitirira.

Kwa amene ali ndi ziphuphu zikuluzikulu zonga zithupsa, zopweteka, zosiya maenje, pali mapiritsi a isotretinoin omwe anayamba kugwiritsidwa ntchito ku America mu 1982. Amaumitsa timatumba ta mafuta tija ndipo ambiri amachira kwa nthawi yaitali atamwa miyezi ingapo. Koma amalembedwa ndi dokotala wa khungu yekha, ndipo amapundula mwana m'mimba modetsa nkhawa, moti mayi sayenera kutenga pathupi akumwa ngakhale mwezi umodzi atasiya. Munthu wa ziphuphu zotere asadikire zaka. Apemphe kalata kuchipatala cha boma ku Kasungu yopita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe kuli mbali yoona za khungu. Ulendo wa tsiku limodzi pa msewu wa M1 ndi wotchipa poyerekeza ndi maenje osatha.

Tsopano zipsera zija. M'Chichewa timangoti chipsera pa zonse, koma pali zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo muyenera kudziwa kuti zanu ndi ziti. Madzulo ano sambani kumaso, muzimitse nyali, muyatse tochi ya foni n'kuiwalitsa chammbali mwa tsaya, osati kutsogolo. Kenako yendetsani nsonga ya chala pamalo akudawo mutatsinzina. Ngati chala chikungodutsa posalala ndipo tochi sikuonetsa mthunzi, limenelo ndi banga, si chipsera. Ngati pali kadzenje kapena kachitunda, chimenecho ndiye chipsera chenicheni. Malinga ndi mmene mwafotokozera, zambiri mwa zanu ndi mawanga, ndipo imeneyi ndi nkhani yabwino.

Banga limabwera motere. Khungu lathu lili ndi timaselo topanga mtundu wakuda wotchedwa melanin, ndipo timaselo timeneti ndi tachangu kwambiri. Paliponse pomwe patupa, kaya ndi chiphuphu, kaya kulumidwa ndi udzudzu, kaya kupsa ndi mafuta a mandasi, timathira mtundu wochuluka. Kutupa kukatha mtunduwo umatsala. Ukakhala pamwamba, wofiirira, umazirala wokha pakati pa miyezi 6 ndi 12. Ukalowa pansi, womwe umaoneka wotuwirako ngati phulusa, umatenga zaka. Ndiye taonani: chiphuphu chilichonse chatsopano chimabala banga latsopano. Mukamalimbana ndi mawanga pomwe ziphuphu zikutulukabe, mukukolopa m'nyumba denga likudontha. Mankhwala oyamba a mawanga ndi kuletsa ziphuphu. Achiwiri ndi adapalene ndi azelaic acid omwe aja. Achitatu ndi mthunzi.

Anthu ambiri amandiyang'ana modabwa ndikanena za dzuwa, amati khungu lakuda silipsa. N'zoona kuti silipsa msanga, koma dzuwa limadzutsa timaselo tija, ndipo banga limada kuposa khungu lozungulira. Zomwe mankhwala achotsa mwezi wathunthu, tsiku limodzi lokumba mtedza kumunda popanda chipewa likhoza kuzibwezera. Miyezi yanu isanuyi ikudutsa m'nyengo yokolola, ndipo ngakhale mu Juni kukuzizira dzuwa limadetsabe. Valani chipewa cha khonde lalikulu, osati kapusi, chifukwa masaya amakhala pamtunda. Popita kumsika kapena kutchalitchi tengani ambulera. Ngati thumba lilola, gulani mafuta oteteza ku dzuwa, ngati omwe amadzola abale athu achialubino, olembedwa SPF 30 kapena kuposa, opepuka, muzidzola m'mawa uliwonse n'kubwereza masana mukakhala panja. Ngati sililola, chipewa ndi ambulera zimagwira ntchito yaikulu ndithu.

Zipsera zenizeni n'zina. Pamenepo kutupa kunafika pansi n'kuononga ulusi womwe umagwira khungu, ndipo palibe mafuta a m'botolo, a mtengo uliwonse, omwe angadzaze dzenje. Aliyense wokulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu. Maenjewa amasiyana: ena ndi opapatiza ndi akuya ngati pobayidwa ndi singano, ena ndi otambalala a m'mbali mwakuthwa ngati zipsera za katsabola, ena amangopangitsa tsaya kukwera ndi kutsika ngati mizere yakale ya m'munda wogonera. Madokotala a khungu ali ndi njira zake: kubaya khungu ndi timasingano tambirimbiri kuti lipange ulusi watsopano, kudula timaulusi tomwe tikukokera dzenje pansi, kudontheza asidi wamphamvu m'kati mwa kadzenje kopapatiza, kapena kugwiritsa ntchito makina a kuwala kwamphamvu otchedwa laser. Zonsezi zimafuna maulendo angapo, zimadya ndalama, ndipo zimachepetsa maenje, sizifafaniziratu. Zimachitika pokhapokha ziphuphu zitaleka kutuluka. Pakhungu lakuda zimafuna dzanja lozolowera, chifukwa laser kapena asidi wolakwika amasiya kuda koposa chipsera chomwe munabwera nacho. Choncho kachipangizo ka timasingano kogula pa Facebook, kapena mankhwala osenda khungu a mu saluni, ayi ndithu.

Palinso zipsera zotukuka, zolimba, zonyezimira, zoyabwa, zomwe zimakula kupitirira pomwe panali chilonda. Timazitcha keloid. Zimakonda anthu akuda, zimayenda m'magazi a pabanja, ndipo zimamera pachifuwa, m'mapewa, munsagwada ndi m'makutu mobooledwa. Ngati muli nacho chotere, lezala isayandikire. Kutema mphini kapena kuchidula kumachikulitsa, ndipo ngakhale opaleshoni yakuchipatala payokha nthawi zambiri imachibweza chachikulu. Chithandizo chake ndi jakisoni wa triamcinolone wobayidwa m'chipsera momwemo pakatha masabata 4 mpaka 6 aliwonse, mpaka chitafewa n'kuphwa. Triamcinolone nayenso ndi steroid, m'bale wake wa zomwe zili m'kachubu kanu, koma apa amapita pamalo amodzi, pamuyeso wodziwika, ndi munthu amene akudziwa poleka.

Popeza mukulowa m'banja, pali nkhani yomwe sindingailumphe. Adapalene, tretinoin, doxycycline ndi isotretinoin sizigwirizana ndi pathupi. Ngati mukuganiza zotenga mimba posachedwa, kapena msambo wadumpha, uzani dokotala musanayambe, ndipo ngati munayamba kale siyani mukaonane naye. Azelaic acid ndi benzoyl peroxide ndi omwe timalola kwa amayi oyembekezera. Ngati mukufuna kuyamba mwalera, dziwani kuti njira zimasiyana pa nkhani ya khungu. Jakisoni wa miyezi itatu ndi zoika pamkono monga Jadelle ndi Implanon zimawonjezera ziphuphu kwa amayi ena, osati onse. Mapiritsi a mahomoni awiri, monga Microgynon, kawirikawiri amazichepetsa pakatha miyezi itatu kapena kuposa, ngakhale sayenera munthu wa kuthamanga kwa magazi, wa mutu waching'alang'ala wa mtundu wina, kapena amene magazi anaundanapo m'mitsempha. Lupu ya kopa ilibe mahomoni. Anamwino a zakulera mukawauza za ziphuphu adzakuthandizani kusankha.

Mukakaonana ndi dokotala mutchulenso ngati msambo wanu umadumphadumpha miyezi, kapena ngati mukumera ndevu ndi tsitsi pachifuwa, chifukwa zikatero gwero limakhala m'mahomoni a m'thumba la mazira ndipo chithandizo chimasinthako. Mutchule mankhwala ena alionse omwe mukumwa, poti ena a TB, a khunyu ndi prednisolone amatulutsa ziphuphu, musawasiye nokha. Ndipo tiziphuphu toyabwa kwambiri ta m'manja ndi m'miyendo si ziphuphu za kutha msinkhu ayi, timafuna kupimidwa mwapadera, kuphatikizapo magazi.

Nanga pofika Ogasiti mudzakhala pati? Miyezi 5 ndi masabata pafupifupi 20, ndipo ndi okwanira kusintha zambiri mukayamba sabata ino. Mwezi woyamba udzakhala wowawa, wosiya kachubu, ndipo mwina mudzalira. Auzenitu a kunyumba ndi bwenzi lanulo kuti asadzakukakamizeni kubwerera kumafuta aja poona nkhope yaipa. Mwezi wachiwiri ndi wachitatu ziphuphu zatsopano zidzayamba kuchepa. Wachinayi ndi wachisanu mawanga akale adzakhala akuzirala. Sindikulonjezani kuti onse adzakhala atatha, chifukwa ena adzafuna mpaka chaka. Mudzakhalanso wakuda kuposa mmene mulili lero, pakuti kuwala kwa m'kachubu kudzachoka n'kubwera mtundu womwe munabadwa nawo, ndipo ndi khungu limenelo lomwe lili lolimba. Patsikulo phauda ndi zodzoladzola n'zololedwa, bola zikhale zopepuka ndipo muzisambe musanagone. Masabata awiri omaliza musayese chinthu chatsopano chilichonse, ngakhale anamkungwi kapena a mu saluni atachitamanda bwanji.

Ndikudziwa kuti vutoli silili pakhungu pokha. Ndaona atsikana osiya kwaya, anyamata okhala kumbuyo m'kalasi, ena okana kujambulitsa pa ukwati wa m'bale wawo. Ngati lafika pokusowetsani tulo kapena kukutsekerani m'nyumba, nenani kuchipatala komweko. Si zachibwana, ndipo kwa ife chimenecho ndi chifukwa chokwanira chopereka chithandizo champhamvu msanga.

Mawa m'mawa, musanadzole kalikonse, imani pafupi ndi zenera mudzijambule katatu: kutsogolo, tsaya lamanja, tsaya lamanzere. Muzibwereza pamalo omwewo mwezi uliwonse, chifukwa galasi la tsiku ndi tsiku silionetsa kusintha kwa pang'onopang'ono, ndipo pa sabata yachisanu ndi chimodzi, pomwe mtima udzayamba kunena kuti palibe chikuchitika, zithunzizo n'zimene zidzakuyankheni. Popita kuchipatala musadzole phauda, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo kachubu kaja mukakulunge pamodzi ndi katoni kake ndi china chilichonse chomwe mwakhala mukupaka kumaso, ngakhale chomwe mukuchita nacho manyazi, mukachiike patebulo pa dokotala.